Solofa, sitafu kapena makodi: ndi pepala liti lingathandize kwaya yanu pa Khirisimasi ndi Pasaka?

Kwaya iliyonse ya m'chigwa cha Shire imene ikukonzekera Khirisimasi imakumana ndi vuto lomwelomwelo chaka ndi chaka. Nyimbo zake ndi zambiri, zimaimbidwa nyengo imodzi yokha pachaka, ndipo nthawi yoziphunzira imagwa m'masabata amene mvula yoyamba yagwa ndipo anthu ali kalikiliki kubzala mapira, mchewere, thonje ndi chimanga. Nyimbo ya Lamulungu lililonse imakhazikika m'mutu chifukwa chobwerezabwereza, koma ya Khirisimasi kapena ya Pasaka imagona miyezi 11, ndipo ikadzutsidwa mumapeza kuti a sopurano akuikumbukira, a besi akungoyerekeza, pamene mzere wa aluto ndi wa tena unapita ndi munthu amene anasamukira ku Blantyre. Nchifukwa chake nyimbo za zikondwerero zimafuna kulembedwa kuposa nyimbo zina zonse. Koma njira zolembera zilipo zingapo, ndipo iliyonse inapangidwira munthu wake. Pepala lothandiza wa kiyibodi silithandiza mayi woimba aluto, ndipo makwaya ambiri amataya ndalama za fotokope chifukwa chogawira aliyense pepala limodzimodzi.

Njira yofala kwambiri ndi ya mawu okhaokha, monga zilili m'mabuku a nyimbo amene akhristu amanyamula popita kutchalitchi, kapena m'makope amene mamembala amakoperamo kuchokera pa bolodi. Ubwino wake ndi woonekeratu: aliyense wodziwa kuwerenga akhoza kuigwiritsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo pepala limodzi limakwana nyimbo zitatu. Kwa mpingo wonse palibe njira ina yoposa imeneyi. Koma pepala la mawu silisunga maimbidwe ngakhale pang'ono, ndiye kuti likudalira munthu wina amene akuidziwa nyimboyo. Munthuyo akaiphonya, mpingo wonse umaiphonya naye, ndipo pakatha zaka zingapo cholakwikacho chimasanduka maimbidwe a pamalopo, mpaka kuti makwaya awiri a mpingo umodzi, ina ya ku Ngabu ina ya ku Bangula, akakumana pa msonkhano amapezana akukokana pa nyimbo yomwe onse amati amaidziwa. Chinthu chimodzi chimene ambiri sachiona m'mabuku ena a mawu ndi manambala kapena zilembo zolembedwa pamwamba pa nyimbo, monga C.M. kapena 8.6.8.6. Zimenezi zikuwerenga maphatikizo a mzere uliwonse wa ndime, ndipo nyimbo ziwiri za manambala ofanana zikhoza kubwerekana maimbidwe. C.M. ndi 8.6.8.6, L.M. ndi 8.8.8.8, pamene S.M. ndi 6.6.8.6. Kwayamasitala wodziwa zimenezi sasowa pogwira akapeza mawu abwino a Pasaka amene maimbidwe ake anaiwalika.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndiyo msana wa kwaya ya kuno kwathu, ndi solofa. Inayambira ku England, komwe Sarah Glover wa ku Norwich ankaphunzitsira ana kuimba pogwiritsa ntchito zilembo, ndipo m'busa John Curwen anaitenga m'zaka za m'ma 1840, nkuikonza ndi kuifalitsa m'masukulu a Sande. Cholinga chake chinali choti anthu wamba, opanda limba ndiponso opanda ndalama zolipirira mphunzitsi wa nyimbo, athe kuimba mawu anayi. Amishoni a ku Scotland, amene anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, pamodzi ndi anzawo a mipingo ina, anabwera nayo kuno, ndipo inakhazikika chifukwa zosowa za ophunzira a Curwen ndi zomwenso tili nazo m'midzi yathu.

Solofa imagwiritsa ntchito zilembo 7: d, r, m, f, s, l, t, zoimira do, re, mi, fa, so, la, ti. Chinsinsi chake nchakuti d si liwu lokhazikika. Amakhala paliponse pamene nyimboyo yakhazikika. Pamwamba pa pepala amalemba kiyi, mwachitsanzo kuti d ndi G, ndipo woimba akangopatsidwa liwu limenelo, ena onse amawapeza poyerekeza ndi ilo. Nthawi imasonyezedwa ndi zizindikiro zomwe zili pa taipi iliyonse ndi pa foni iliyonse. Mzere woimirira umatsogolera kugunda kwamphamvu, madontho awiri amatsogolera kugunda kofooka, dontho limodzi limadula kugunda pakati, kamzere kogona kamatanthauza kuti liwu lipitirire, ndipo malo osalembedwa kanthu ndi popuma. Motero kwayamasitala akalemba pa bolodi kuti | d :r | m :- | s :f.m | r :- | aliyense amene anaphunzira masabata ochepa amadziwa kuti m akokedwe kugunda kuwiri, ndiponso kuti f ndi m agawane kugunda kumodzi. Kachizindikiro kakakhala pamwamba pa chilembo, liwulo ndi la m'mwamba. Kakakhala m'munsi, ndi lapansi.

Ubwino waukulu wa njira imeneyi pa nyimbo za zikondwerero uli pa kusintha kiyi. Nyimbo zambiri za Khirisimasi zochokera ku Ulaya zinalembedwa mokwera, ndipo kwaya imene yafika m'tchalitchi usiku wa pa 24 Disembala, itatopa ndi kumunda ndiponso ndi kutentha kwa kuchigwa kuno, siifika pamwambapo mosavuta. Mu solofa simusintha chilembo chilichonse. Mumangofufuta G pamwamba nkulemba F, basi nyimbo yatsika. Chachiwiri, solofa imaphunzitsa khutu. Munthu amene wazolowera kudumpha kuchoka pa d kufika pa s amakuzindikira kudumphako m'nyimbo ina iliyonse, choncho nyimbo yachisanu amaiphunzira mwachangu kuposa yoyamba. Chachitatu, imalembeka m'kope wamba, pa bolodi ndi choko, ngakhale mu uthenga wa pa WhatsApp, ndipo zilembo zake zimaoneka ndi kuwala kwa tochi pamene magetsi athima.

Komabe solofa ili ndi malire ake, ndipo nyimbo za zikondwerero ndi zomwe zimawaonetsa msanga. Malire oyamba ndi mawu apakati, monga fe (f wokwezedwa pang'ono), se (s wokwezedwa pang'ono) ndi ta (t wotsitsidwa pang'ono), amene oimba ambiri ophunzira solofa pongomvera anzawo sanawaphunzire bwino. Nyimbo zingapo za Khirisimasi zimakhala ndi fe chakumapeto kwa mzere wachiwiri, makamaka mwa a aluto kapena a tena, ndipo akaimba f m'malo mwake kuwala kwa malo amenewo kumazima ngakhale palibe amene angaloze chomwe chalakwika. Nyimbo za Lachisanu Loyera, zomwe zambiri ndi zachisoni ndipo zimakhazikika pa l m'malo mwa d, zimafuna se pafupipafupi. Malire achiwiri ndi pamene nyimbo yasintha kiyi pakati: wolemba amayika kachilembo kakang'ono kolumikizira, kosonyeza kuti liwu lomwe munkaliti s tsopano mulitchule d, ndipo pa fotokope ya fotokope kachilembo kameneka kamasanduka kadontho kosawerengeka. Malire achitatu ndi akuti diso siliona kukwera kapena kutsika kwa nyimbo, popeza zilembo zonse zili pa mzere umodzi. Pa nyimbo ya angelo yochokera ku France, imene liwu loti Gloria limakokedwa kudutsa manotsi ambirimbiri, tsamba la solofa limadzaza ndi zilembo, madontho ndi mizere ya kunsi, moti woimba amakakamira pa pepala osayang'ananso manja a kwayamasitala. Chinanso choyenera kudziwa wa kiyibodi ndi chakuti mu solofa mizere ya tena ndi besi imalembedwa mokwera kuposa momwe imamvekera, ndiye akaiimba monga ilili pa pepala amasokoneza azibambo.

Kulakwitsa pokopera ndiye mdani wamkulu wa solofa. Dontho limodzi likasowa, kugunda kumasokonekera kuchokera pamenepo mpaka kumapeto, ndipo kachizindikiro ka pansi kakaiwalika pa s, a besi amalumphira kumwamba komwe kulibe nako ntchito. Pepala lililonse la solofa limene mwalandira kuchokera ku kwaya ina muyambe mwaliwerenga bala ndi bala (bala ndi chigawo cha pakati pa mizere yoimirira yotsogolera kugunda kwamphamvu), kuona ngati kugunda kukukwana m'mizere yonse inayi, musanaligawe. Ntchito imeneyi imatenga theka la ola, pamene kuchotsa cholakwika m'mitu ya anthu 30 kumatenga mwezi.

Njira yachitatu ndi sitafu, ija ya mizere isanu yokhala ndi timitu ta manotsi. Chiyambi chake chimalumikizidwa ndi Guido wa ku Arezzo, mmonke wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1000, amenenso anayambitsa mayina a ut, re, mi, fa, sol, la omwe solofa inadzatengako. Mu sitafu liwu lililonse lili ndi malo ake okhazikika, kutalika kwake kumaoneka pa maonekedwe a notsi, ndipo nyimbo ikamakwera timitu timakweranso. M'mabuku a nyimbo za m'tchalitchi mawu anayi amaikidwa pa masitafu awiri: sopurano ndi aluto pamwamba, tena ndi besi pansi. Woyang'ana amaona nthawi imodzi zimene magulu onse anayi akuchita, komwe akuyandikana ndi komwe gulu lina likudikira linzake. Pa nyimbo yonga kolasi ya Aleluya ya mu Messiah, imene George Frideric Handel analemba mu 1741 ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin mu Epulo 1742, nyengo ya Pasaka ili pafupi, magulu amalowa mosinthana ndi kuthamangitsana, ndipo kwayamasitala wotsogolera ndi sitafu amaona kulowa kulikonse kukubwera. Kolasi imeneyi ilipo mu solofa ndipo makwaya ambiri a m'Malawi anaiphunzira choncho, koma kuitsogolera ndi kosavuta pa sitafu.

Chifukwa china chachikulu chophunzirira sitafu nchakuti nyimbo zambiri za mawu anayi zimene mungazipeze pa intaneti zili m'njira imeneyi. Malo monga CPDL ndi IMSLP amasunga nyimbo zakale zikwizikwi zimene aliyense akhoza kuzitsitsa mwaulere, kuphatikizapo za Khirisimasi ndi Pasaka zokonzedwa m'mawu anayi, ndipo pulogalamu yaulere ya MuseScore imatha kulemba sitafu pa kompyuta ndi kuiimba kuti mumve mzere uliwonse pawokha. Za solofa pa intaneti ndi zochepa, ndipo zambiri mwa izo ndi zokopera za anthu ena zomwe simungadziwe kulondola kwake.

Kuipa kwa sitafu ndi nthawi imene imafuna. Woimba ayenera kudziwa makilefu awiri (zizindikiro zosonyeza liwu limene mzere uliwonse wa sitafu ukuimira), zizindikiro za makiyi, ndi mitundu ya manotsi asanaimbe mzere woyamba, ndipo d amasuntha malo kiyi ikasintha. Palibe kwaya ya kumudzi ingaphunzire zonsezi pakati pa Lamulungu loyamba la Adiventi ndi Khirisimasi, amene ndi masabata anayi okha kapena kucheperapo. Kulemba pamanja nkovuta, kutsitsa kiyi kumafuna kulembanso nyimbo yonse, ndipo timitu ting'onoting'ono sitioneka bwino kukayamba mdima. Ndaonapo makwaya akugawa masamba asanu a sitafu kwa membala aliyense chifukwa chofuna kuoneka ophunzira pa mpikisano, pamene mamembalawo akungowerenga mawu apakati pa mizere; ndalama imeneyo ikanagula choko ndi makope a chaka chonse. Maganizo anga ndi akuti kwaya yonse siifunika kudziwa sitafu, koma ikufunika munthu mmodzi kapena awiri odziwa kuisandutsa solofa, ndipo ntchito imeneyi si yovuta monga anthu amaiopera. Lamulo lake ndi lalifupi: pa zizindikiro za kumayambiriro kwa mzere, shapu (chizindikiro chokweza liwu, chooneka ngati #) yomalizira kumanja imakhala pa t, ndipo fulati (chotsitsa liwu, chooneka ngati b) yomalizira imakhala pa f. Mukapeza t kapena f, mwapeza d, ndipo zotsalazo ndi kuwerenga mizere ndi mipata. Shapu imodzi ndi kiyi ya G, ziwiri ndi D, fulati imodzi ndi F, ndipo popanda chizindikiro ndi C. Wachinyamata wa sekondale amene wabwera kutchuthi cha Disembala akhoza kuphunzira zimenezi m'masiku ochepa ngati akuidziwa kale solofa.

Njira yachinayi yakula kwambiri chibwerere makiyibodi ndi magitala m'matchalitchi, makamaka m'matauni monga Nchalo, Chikwawa boma ndi Nsanje boma. Imeneyi ndi ya makodi, kutanthauza manotsi angapo olira pamodzi pa chida, pomwe pamwamba pa mawu amangolembapo zilembo monga G, C, D ndi Em pa malo amene woimba chida ayenera kusintha zala. Ndi yachidule, ndipo kwa nyimbo za gulu lotamanda, zimene zimazungulira pa makodi atatu kapena anayi, imakwanira. Palinso nyimbo zina za Khirisimasi zimene zinabadwira pa gitala. Nyimbo yotchuka ya usiku woyera ija, Silent Night, inaimbidwa koyamba pa 24 Disembala 1818 m'mudzi wa Oberndorf ku Austria, mawu ake atalembedwa ndi wansembe Joseph Mohr ndipo maimbidwe ndi mphunzitsi Franz Xaver Gruber, ndipo chida chomwe chinaiperekeza chinali gitala. Makodi atatu amaikwanira, choncho amene amati gitala siyenera nyimbo imeneyi sakuidziwa mbiri yake.

Vuto limabuka pamene pepala la makodi lakumana ndi kwaya yoimba mawu anayi. M'nyimbo zambiri za m'buku, kugwirizana kwa mawu kumasintha pafupifupi pa kugunda kulikonse, pamene pepala la makodi lotsitsidwa pa intaneti limafupikitsa zonsezo kukhala kodi imodzi pa bala. Zotsatira zake mumazimva pa pulakatisi: a sopurano amamveka bwino chifukwa makodi anapangidwira mzere wawo, koma a tena akafika pa fe, wa kiyibodi akadali pa kodi yake yakale, ndipo mawu amawombana. Kwayamasitala amaimitsa nyimbo nkunena kuti, "A tena, mwatuluka," pamene a tena ndiwo ali pa njira. Chifukwa kiyibodi ili ndi sipika, kwaya ndiyo imagonja, ndipo pakatha zaka ziwiri a aluto ndi a tena amakhala atasiya mizere yawo nkumangotsatira chida. Njira yopewera zimenezi ndi yoti makodi atengedwe kuchokera pa solofa kapena sitafu imene kwaya ikugwiritsa ntchito, osati kwina. Wa kiyibodi akhale pansi ndi kwayamasitala, ayang'ane zilembo zinayi zoimirira pa kugunda kulikonse kwamphamvu: d, m, s ndi kodi yoyamba, f, l, d ndi yachinayi, s, t, r ndi yachisanu, ndipo r, fe, l ndi kodi yachiwiri yokwezedwa imene mapepala achidule amakonda kuisiya. Pepala la makodi silisonyezanso maimbidwe kapena nthawi, ndiye kwa munthu wosaidziwa nyimboyo lilibe ntchito.

Oimba zida ambiri masiku ano amalemba makodi ndi manambala, 1, 4, 5, 6, m'malo mwa zilembo, potsata njira imene inakula pakati pa oimba a ku Nashville ku America. Imeneyi ndimaivomereza, chifukwa imaganiza ngati solofa: 1 ndi kodi ya d kulikonse kumene d ali, ndiye kwaya ikatsitsa kiyi pepala silisintha. Ndi yabwino kuposa kudalira batani losinthira kiyi la transpose, limene wa kiyibodi akaiwala kulibweza pambuyo pa nyimbo yolowera, nyimbo yotsatira imayambira pamwamba poti a sopurano sangafike. Musaisokoneze ndi njira ina ya manambala, yofala ku China ndi ku Indonesia, imene imalemba maimbidwe enieniwo ndi 1 mpaka 7, ndi 0 ngati popuma. Njira imeneyo ndi solofa yovala manambala, ndipo kwa kwaya imene ikudziwa kale d, r, m palibe chimene ingawonjezere koposa chisokonezo.

Pali njira zina ziwiri zoyenera kungotchulidwa. M'maparishi a Dayosizi ya Chikwawa, imene inakhazikitsidwa mu 1965, mukhoza kupeza mabuku akale a nyimbo za Chilatini okhala ndi mizere inayi ndi timanotsi ta ngodya zinayi. Imeneyo ndi njira ya nyimbo za Gregori, zopanda kugunda kowerengeka, ndipo imakhudza kwambiri wansembe kapena dikoni woimba chilengezo cha usiku wa Pasaka kuposa kwaya. Palinso manotsi a Braille, amene Louis Braille mwini wake anakonza pamodzi ndi zilembo zake za anthu osaona. Chigwa chino chili ndi sukulu ya ana osaona ku Lulwe m'boma la Nsanje, ndipo kwaya imene ili ndi membala wowerenga Braille ingachite bwino kumupezera mawu a nyimbo m'zilembo zimenezo nthawi ikadalipo, pakuti solofa nayo, pokhala ya zilembo, imalembeka m'njira yomweyo.

Tsopano tifike pa nyimbo zopekedwa konkuno, zimene pa Khirisimasi ndi Pasaka ndizo zimadzutsa mpingo pa mipando. Msonkhano wa Vatican wachiwiri, wa 1962 mpaka 1965, utatsegula khomo la zilankhulo ndi zida za eni dera, ng'oma zinalowa m'Misa, ndipo mipingo inanso yambiri inatsata njira zake zofanana. Nyimbo za Chisena ndi Chimang'anja za kubadwa kwa Yesu zimatenga mayendedwe a magule a kuno monga utse ndi likhuba: wina amatsogolera, gulu limavomera, manja akuwomba kugunda kwawo pamene ng'oma ikuyenda kwina, ndipo wotsogolera amasintha mawu ndi maimbidwe malinga ndi mmene mpingo watenthera. Palibe pepala limene limagwira zonsezi. Solofa imatha kulemba kuvomera kwa gulu, koma kugunda kutatu kopingasana ndi kuwiri imakulemba movutikira. Sitafu imakulemba bwinoko, koma zotsatira zake zimakhala zovuta kuwerenga kuposa kungomvera. Ulimba wa ku Nsanje, chida cha timatabwa togogoda, uli ndi vuto lina: mawu ake anachunidwa mosiyana ndi a kiyibodi, masitepe ake 7 ali pafupifupi ofanana kutalika, choncho d, r, m wa pa pepala sagwirizana nawo ndendende. Kwa nyimbo zotere, lembani mawu onse mosamala, lembani solofa ya kuvomera kokha ngati chikumbutso, tchulani gule amene ng'oma ikutsata, ndipo zotsalazo muzijambule pa foni.

Kujambula mawu pa foni sikulowa m'malo mwa pepala, koma kumathandizana nalo kwambiri. Kwayamasitala akajambula mzere uliwonse pawokha, poyamba akutchula solofa kenako akuimba mawu, nkutumiza kwa otsogolera magulu, mayi amene sanathe kubwera ku pulakatisi chifukwa mtsinje wa Mwanza kapena wa Thangadzi wadzaza amafika Loweruka ataudziwa kale mzere wake. Kuipa kwake nkwakuti foni imatha moto, imatayika, ndipo cholakwika chojambulidwa chimafalikira mwachangu kuposa cholembedwa. Komanso mu nyimbo yojambulidwa simungaloze ndi chala kuti tiyambire apa.

Njira iliyonse imene mungasankhe, samalani kayikidwe ka mawu pansi pa manotsi. Nyimbo zomasuliridwa zinapekedwa m'zilankhulo zomwe mizere yake yambiri imathera pa phatikizo lamphamvu, pamene m'Chichewa ndi m'Chisena mphamvu imagwera pa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, ndipo mawu athu ndi aatali. Omasulira ankadula maphatikizo ena kuti mawu akwane, nchifukwa chake mumaona timikwingwirima tambiri m'mabuku a nyimbo. Pepala la ku Ulaya limasonyeza kumene maphatikizo a chilankhulo chawo akugwera, osati athu. Choncho pokonza pepala la kwaya, dulani mawu phatikizo ndi phatikizo pansi pa chilembo chilichonse cha solofa, ndipo chitani zimenezi pa ndime zonse, osati yoyamba yokha, pakuti ndime yachitatu ndi yachinayi ndi mmene magulu amasiyanirana, ena akumeza phatikizo ena akulitchula. Mpingo umene umaimba ndime ina m'Chichewa ina m'Chisena ukufunika mapepala awiri odulidwa padera.

Nkhani ya kusunga mapepala ndi yaikulu kuchigwa kuno kuposa kumtunda. Nyengo ya pakati pa Khirisimasi ndi Pasaka ndiyonso nyengo ya madzi osefukira: Januwale 2015, Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 anamiza nyumba, masukulu ndi matchalitchi ku Makhanga, ku East Bank ndi madera ena ambiri, ndipo mabuku ndi amene amayamba kuonongeka. Ngakhale chaka chopanda madzi osefukira, chiswe, chinyontho ndi thukuta la m'manja zimadya pepala. Inki ya makina ena osindikizira a pa kompyuta imasungunuka ikangodonthedwa madzi, pamene ya makina a fotokope, bolopeni ndi pensulo zimapirira. Pepala loyambirira lisamapite ku pulakatisi. Likhale m'kathumba ka pulasitiki, m'ndowa yokhala ndi chivundikiro, pamalo okwera, ndipo tsamba lililonse lijambulidwe chithunzi chosungidwa m'mafoni a anthu angapo okhala midzi yosiyana. Apanso solofa ili ndi mwayi, chifukwa kope likatayika munthu mmodzi woikumbukira akhoza kuilembanso madzulo amodzi, zimene sizitheka ndi masamba a sitafu.

Za umwini wa nyimbo zisaiwalike. Nyimbo zakale monga za Handel ndi Gruber ndi za aliyense tsopano, koma kakonzedwe katsopano ka nyimbo yakale, kumasulira kwatsopano, ndi nyimbo za opeka amene ali moyo zili ndi eni ake, ndipo m'dziko muno bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi. Kwaya imene ikufuna kujambula chimbale cha Khirisimasi kapena kuika kanema pa YouTube ifunse kaye, ndipo pa pepala lililonse dzina la wopeka lilembedwe, ngakhale wopekayo ali m'bale wa m'mudzi momwemo.

Poika zonsezi pamodzi, kwaya ya tchalitchi laling'ono la kumudzi, yopanda chida china kupatula ng'oma ndi maseche, isavutike ndi sitafu kapena makodi: solofa ya mawu anayi ikhale ndi kwayamasitala ndi otsogolera magulu anayi, ena onse akhale ndi mawu odulidwa bwino m'makope awo. Kwaya ya m'tauni yokhala ndi kiyibodi iwonjezere pepala limodzi la makodi a manambala, lotengedwa pa solofa yomweyo. Kwaya imene imapita ku mipikisano kapena ikufuna nyimbo zazitali za Pasaka igule kapena kusindikiza sitafu imodzi ya kwayamasitala ndi ina ya woimba chida, ndipo itume wachinyamata mmodzi aphunzire kusandutsa. Makwaya a sukulu, amene amaimbanso nyimbo ya fuko ya Michael Sauka pa 6 Julayi ndi pa zochitika zina za boma, ndiwo ali ndi nthawi yophunzira njira ziwiri zonse, ndipo mphunzitsi angayambe ndi solofa teremu yoyamba, nkumalemba zilembo zomwezo pansi pa timitu ta sitafu teremu yachiwiri. Za Khirisimasi, kulemba ndi kuwerengera mapepala kuchitike mu Okutobala, mvula isanayambe, kuti Novembala akhale wophunzitsa magulu padera ndipo Disembala akhale wophatikiza. Za Pasaka, popeza tsiku lake limasuntha pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, yang'anani kalendala mu Januwale nkuwerenga masabata 8 chobwerera m'mbuyo.